Zotupa za m'chifu: n'chitetezo kapena khansa?

Mwana akakhala ndi bala kuphazi, sipapita masiku ambiri asanayambe kutsimphina n'kumadandaula za mwanabele m'mphechepeche. Makolo ozindikira sathamanga nazo mtima. Amadziwa kuti bala likapola, mwanabeleyo aphwa yekha.

Zofanana ndi zimenezi zimachitikanso m'chifu, momwe dzanja silingafike kuti likhudze. Kachilombo kena kakakhazikika m'menemo kwa zaka zambiri, thupi limasonkhanitsa asilikali ake m'timagulu ting'onoting'ono tofanana ndi zomwe zimapezeka m'kati mwa mwanabele. Mwa anthu ambiri timaguluti sitikhala ndi vuto lililonse. Koma mwa ochepa timasanduka khansa yotchedwa MALT lymphoma, ndipo kusiyanitsa ziwirizi ndi ntchito yomwe imatulutsa thukuta ngakhale kwa akatswiri omwe adakalambira m'labotale.

Kuphonya pamenepa kumapweteketsa munthu. Chaka cha 1990 chisanafike, wodwala akauzidwa kuti ali ndi lymphoma ya m'chifu, kawirikawiri amapita kuthebulo la opaleshoni kukachotsedwa mbali ya chifu, mwinanso chonse. Munthu wopanda chifu amadya pang'onopang'ono ngati khanda, ndipo amabayidwa jakisoni wa vitamini B12 moyo wake wonse. Ena amauzidwa kuti chotupa chawo n'chongofanana ndi khansa koma si khansa, matenda omwe madokotala adawatcha pseudolymphoma. Patapita zaka, tinyama ta odwala oterewa titayezedwanso ndi njira zatsopano, zidadziwika kuti ambiri mwa iwo adali ndi khansa yeniyeni, yongoti imakula mochedwa.

Kachilombo komwe kali pagwero pa nkhaniyi si ka Edzi ayi. Ndi bakiteriya wopindika ngati sikulufu, dzina lake Helicobacter pylori, yemwenso amayambitsa zilonda zambiri za m'mimba zomwe anthu amangoti maalasazi.

Kwa nthawi yaitali mabuku a zachipatala ankaphunzitsa kuti m'chifu simungakhale chamoyo chilichonse kaamba ka ukali wa asidi. Koma m'chaka cha 1979, Robin Warren, dokotala woyeza tinyama ta odwala pachipatala cha Royal Perth ku Australia, adaona tizilombo topindika titamatirira pakhoma la chifu cha wodwala wina. Mu 1981 dokotala wachinyamata, Barry Marshall, adayamba kugwira naye ntchito. Adayesa kangapo kumeretsa tizilomboti m'timbale ta m'labotale koma osaphula kanthu, chifukwa timbaleto timatayidwa pakangotha masiku awiri. Pa tchuthi cha Pasaka cha 1982 timbale tina tidatsala osatayidwa kwa masiku angapo, ndipo anthu pobwerera kuntchito adapeza tizilombo titamera.

Anzawo ambiri sadakhulupirire. Mu 1984 Marshall adachita kumwa yekha msuzi wodzaza ndi tizilomboti, ndipo pasanathe masabata awiri adayamba kusanza, chifu chake chitatupa. Mu 2005 awiriwa adalandira mphotho ya Nobel.

Kachilomboka kamapulumuka m'chifu chifukwa kamabisala pansi pa mamina omwe amakuta khoma la chifu, komanso kamatulutsa mankhwala ozizira asidi pamalo pomwe kali. Anthu ambiri amakatenga akadali ana, m'banja momwemo, kudzera m'malovu, masanzi, kapena madzi ndi chakudya zomwe zakhudzana ndi chimbudzi. Popanda mankhwala kamakhala mpaka ukalamba. Kafukufuku wamkulu yemwe adasindikizidwa mu 2017 adayerekeza kuti mu Africa anthu pafupifupi 70 mwa 100 aliwonse ali nako. Ambiri mwa iwo sadzadwala nako n'komwe. Omwe kamawabweretsera MALT lymphoma safika ngakhale mmodzi pa 100, ndipo ambiri amakhala opitirira zaka 50.

Chifu chopanda msasa wa asilikali

Khansa imeneyi idapatsidwa dzina mu 1983 ndi madokotala awiri a ku Southampton ku England, Peter Isaacson ndi Dennis Wright. Wright sadali mlendo ku matenda a kuno, poti m'zaka za m'ma 1960 adagwira ntchito ku Makerere m'dziko la Uganda, komwe adafufuza za Burkitt lymphoma, khansa ija imatupitsa nsagwada za ana, yomwe ndi yodziwika bwino m'zipatala za m'Malawi.

Lymphoma ndi khansa ya maselo oteteza thupi, omwe alangizi a zaumoyo amawatcha asilikali a m'thupi. Maselowa ali ndi misasa yawo: m'mwanabele, m'kapamba, kukhosi, komanso m'khoma la matumbo. Isaacson ndi Wright adaona kuti pali lymphoma ina yomwe siyambira m'mwanabele koma m'misasa ya m'khoma la ziwalo, ndipo imakonda kukhala pamalo amodzi kwa zaka zambiri osafalikira.

Panali chinthu chimodzi chozunguza mutu. Khansayi imapezeka kwambiri m'chifu, chonsecho chifu cha munthu wabwinobwino chilibe msasa wa asilikali ngakhale umodzi. Nanga khansa ya asilikali ingayambire bwanji pomwe palibe asilikali?

Yankho lidabwera mu 1991 kuchokera kwa Isaacson, yemwe pa nthawiyo adali atasamukira ku London, ndi mnzake Andrew Wotherspoon. Iwo adayeza tinyama ta anthu 450 omwe chifu chawo chidatupa kaamba ka Helicobacter, ndipo mwa anthu 125 adapezamo timagulu ta asilikali tomwe sitimayenera kukhalamo. Kenaka adayeza odwala MALT lymphoma 110, ndipo 101 mwa iwo adali ndi kachilomboka. Chithunzi chidayamba kuoneka: kachilombo kamaitana asilikali, asilikali amamanga msasa, nkhondo imatenga zaka makumimakumi osatha, ndipo tsiku lina selo limodzi limasokonekera n'kuyamba kuswana mopanda malire.

Mu 1993 gulu lomweli, mothandizana ndi madokotala a ku Italy, lidachita chinthu chomwe ambiri akadachiyesa misala. Odwala 6 a khansayi sadachitidwe opaleshoni, sadapatsidwe mankhwala a khansa, koma adangomwa mapiritsi opha Helicobacter. Mwa odwala 5 khansa idazimiririka.

Chifukwa chake chidaoneka m'labotale chaka chomwecho. Maselo a khansayi akaikidwa m'kambale paokha amafa pakatha masiku ochepa. Akawathirira Helicobacter amayamba kuchulukana, koma pokhapokha ngati pali maselo ena a chitetezo a mtundu wa T, gulu lomwe muli CD4 yomwe anthu amaimva kukiliniki ya ma ARV. Ndiye kuti pachiyambi khansayi imakhala ngati moto womwe umadalira wina wosonkhezera nkhuni. Wosonkhezerayo akachoka, motowo umazilala.

Ntchito ya maso

Wodwala mwiniwake sangadziwe mbali yomwe ali. Kutupa wamba ndi MALT lymphoma zimamveka chimodzimodzi: kuwawa kapena kutentha pamwamba pa mchombo, kugeya, nseru, kukhuta msanga. Ngakhale dokotala akalowetsa kapaipi ka kamera kudzera kukamwa, njira yotchedwa endoscopy, maso ake akhoza kunamizidwa. Nthawi zina khansayi imaoneka ngati chilonda wamba, nthawi zina ngati kufiira chabe kapena makwinya okhuthala. Ndipo timatuza tambirimbiri tooneka moopsa, ngati khungu la nkhuku yososola, kawirikawiri timakhala topanda vuto, makamaka mwa ana ndi achinyamata.

N'chifukwa chake dokotala amatsina tinyama ting'onoting'ono, tosaposa njere ya mpunga, kuchokera m'khoma la chifu. Akakayikira lymphoma satenga kamodzi kapena kawiri. Amatenga tambiri pamalo pooneka podwala, n'kutengakonso pena pooneka pabwinobwino, poti khansayi imamera mwa apo ndi apo ngati bowa.

Tinyamato timaikidwa m'kabotolo ka mankhwala otchedwa formalin kuti tisaole. Kulabotale amatiumitsa m'phula, n'kutisenga mopyapyala kuposa tsitsi, kutiika pagalasi, n'kutidaya ndi utoto wofiirira ndi wabuluu. Apa m'pomwe dokotala woyeza tinyama amakhala pansi ndi maikulosikopu yake.

Khoma la chifu likakulitsidwa limaoneka ngati mudzi wa nyumba zondandalikana. Nyumbazo ndi timachubu tomwe timatulutsa asidi ndi mamina. Ngati kutupa kuli kwa wamba, asilikali amakhala m'misasa yozungulira, yokhala ndi malire ooneka bwino, pakati pake powala, m'mbali mwake modera. Pozungulira pamakhala maselo a mitundu yosiyanasiyana, akulu ndi ang'ono. Msasa ukhoza kukula mpaka kukankha nyumba zoyandikana nawo, koma sugumula.

Ikakhala khansa, asilikali amasefukira kunja kwa msasa n'kudzaza mudzi wonse. Amakhala ofanana nkhope, tating'ono tokhala ndi mtima wokwinyika pang'ono. Ndipo chizindikiro chomwe madokotala amachifunafuna kwambiri n'chakuti maselowa amalowa m'makoma a timachubu tija m'timagulu, n'kumatiphwasula mpaka tina kutheratu. Akapitirira amaboola kupita m'munsi mwa khoma la chifu, komwe kutupa wamba sikukonda kufika.

Zikadakhala zakuda ndi zoyera chonchi nthawi zonse, bwenzi nkhani itathera pomwepa. Vuto n'lakuti kanyama kamakhala kakang'ono, nthawi zina kophwanyika ndi kachitsulo kotsinira, ndipo kutupa kwa Helicobacter kukakula kwambiri nako kumalowetsa maselo awiri atatu m'makoma a timachubu. Pakati pa mbali ziwirizi pali dera la chifunga.

Wotherspoon ndi anzake sadabise za chifungacho. Mu lipoti lawo la 1993 adakonza muyeso wa manambala kuyambira 0 mpaka 5, womwe madokotala akugwiritsabe ntchito. Nambala 0 ndi chifu chabwinobwino. Nambala 1 ndi kutupa kwa nthawi yaitali, pomwe 2 ndi kutupa komwe kwamera misasa yambiri yooneka bwino. Zonsezi si khansa. Nambala 5 ndi khansa yosachita kufunsa, maselo atadzaza paliponse ndipo timachubu titaphwasuka. Nambala 3 imatanthauza kuti zikukayikitsa koma mwina n'chitetezo chabe, ndipo 4 imatanthauza kuti zikukayikitsa ndipo mwina ndi khansa.

Muyeso womwe uli ndi mawu oti mwina pamalo awiri ungaoneke ngati wofooka. Komatu ubwino wake uli pomwepo. Umapatsa dokotala mpata wonena moona kuti sakutsimikiza, m'malo mokakamizika kusankha pakati pa kuopseza munthu wopanda khansa ndi kutsanzika munthu yemwe ali nayo.

Chinangwa cha phesi limodzi

Zikafika pa 3 kapena 4, labotale imatulutsa zida zina. Pali utoto wapadera womwe umamatirira ku maselo a mtundu umodzi wokha. Wina, wa CD20, umadaya maselo a mtundu wa B, omwe ndi omwe amasanduka khansayi, ndipo umaonetsa ngati ali m'misasa kapena afalikira. Wina umadaya makoma a timachubu, kotero kuti pomwe pabooka pamaonekera ngati mpanda wothyoka.

Funso lina ndi la mtundu. Mlimi akabzala chinangwa chodula kuphesi limodzi, munda wonse umakhala wofanana, chifukwa kwenikweni ndi mtengo umodzi. Khansa ili chimodzimodzi: maselo ake onse ndi zidzukulu za selo limodzi. Asilikali enieni ndi ochokera m'mabanja ambirimbiri. Selo lililonse la B limanyamula chimodzi mwa zizindikiro ziwiri, kappa kapena lambda, ndipo m'thupi labwino zimapezeka zosakanikirana. Zikapezeka za mtundu umodzi wokhawokha, dokotala amatchera khutu. Palinso kuyeza kwa PCR, komwe anthu adakudziwa bwino nthawi ya Covid-19, komwe kumawerenga chibadwa cha maselo kuti kuone ngati ndi a banja limodzi.

Koma PCR nayo si woweruza womaliza. Imatha kupeza banja limodzi lochuluka m'chifu chomwe chili ndi kutupa wamba, ndipo imathanso kuphonya khansa yomwe ilipo. Mwa odwala ena omwe adachira, imapitiriza kuonetsa banja lija kwa zaka, munthu ali bwinobwino. N'chifukwa chake akatswiri adagwirizana kuti khansayi isatchulidwe potengera PCR yokha ngati maso pa maikulosikopu sakuiona.

Kuno kwathu funso loyamba limakhala lakuti kanyamako kafika bwanji kwa woyeza. Endoscopy imachitika m'zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo wodwala wa kuboma amayenera kutumizidwa ndi kalata. Madokotala oyeza tinyama ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu. Mu 2011 pachipatala cha Kamuzu Central padatsegulidwa labotale yoyeza tinyama mothandizana ndi sukulu ya ukachenjede ya North Carolina ya ku America, ndipo idayambitsa njira yotumiza zithunzi za magalasi pa intaneti kuti madokotala a mbali ziwirizi aziunikira limodzi. Pa matenda ngati awa, pomwe akatswiri awiri akhoza kuyang'ana galasi limodzi n'kusiyana maganizo, diso lachiwiri ndi lofunika zedi.

Mankhwala amodzi, ulendo wosiyana

Chodabwitsa n'chakuti kaya zotsatira zanena 2, 4 kapena 5, chithandizo choyamba n'chimodzi: kupha kachilomboka. Wodwala amamwa mankhwala ochepetsa asidi monga omeprazole pamodzi ndi maantibayotiki awiri kapena kuposerapo, monga amoxicillin, clarithromycin kapena metronidazole, kwa masiku 14. M'madera ambiri kachilomboka kayamba kupirira ena mwa mankhwalawa, kotero dokotala ndiye amasankha, ndipo kusiyira panjira kumangokalimbitsa. Pakatha masabata osachepera 4 munthu amayenera kuyezedwanso, kudzera m'chimbudzi kapena mpweya wopuma, kuti zidziwike ngati kafadi.

Wina angafunse kuti, ngati mankhwala ndi omwewo, kulimbana ndi dzina n'kwa chiyani? Kusiyana kuli pa zomwe zimatsatira. Wa kutupa wamba akamaliza mankhwala, kachilombo n'kufa, nkhani yatha, misasa ija imaphwa yokha ngati mwanabele. Wa nambala 3 kapena 4 amabwereranso kukatengedwa tinyama tina. Wa khansa amayamba wayezedwa ngati yafalikira kwina, kenaka amabwerera ku endoscopy pakatha miyezi 3 mpaka 6, n'kumabwerezabwereza kwa zaka.

Ikapezeka msanga, isanatuluke m'chifu, khansayi imazimiririka mwa odwala pafupifupi 3 mwa 4 aliwonse kachilomboka kakangofa. Koma sifulumira. Mwa ena imatenga miyezi yochepa, mwa ena chaka kapena kuposa. Apa kuweruza kumavutanso, poti timagulu ta maselo timatha kutsalira pansi pa khoma la chifu munthu atachira. Madokotala adaphunzira kuti zotsalira zoterezi nthawi zambiri zimangofunika kuziyang'anira, osati kuthamangira mankhwala amphamvu. Kuyang'anirako kuli ndi phindu linanso, chifukwa chifu chomwe chidadwalapo khansayi chimakhala pachiopsezo chokulirapo cha khansa ina ya m'chifu.

Omwe sachira ndi maantibayotiki ali ndi zifukwa zawo. Mwa odwala ena, pafupifupi mmodzi mwa anayi, tizidutswa ta chibadwa cha selo, ta nambala 11 ndi 18, timasinthana malo. Selo lotere silifunanso wosonkhezera, limayaka lokha. Enanso khansa imakhala italowa mozama kapena yafika m'mwanabele. Odwala oterewa amathandizidwa pootcha chotupacho ndi cheza chapadera, njira yomwe imachiza ambiri, kapena ndi mankhwala monga rituximab ndi chlorambucil. Opaleshoni yochotsa chifu, yomwe kale idali njira yoyamba, tsopano imachitika mwa kamodzikamodzi, monga chifu chikabooka kapena magazi akakana kuleka.

Woyeza tinyama amayang'ananso chinthu china: maselo akuluakulu oyalana ngati mphasa. Akapezeka, dzina limasintha, imakhala lymphoma yolusa yomwe imakula m'masabata ochepa, ndipo kawirikawiri imafuna mankhwala a khansa a m'dripi mosachedwa.

Pamenepa mpofunika kusamala kuti nkhani yabwinoyi isasocheretse anthu. Khansa zambiri za m'chifu si lymphoma. Zoposa 90 mwa 100 ndi za mtundu wina wotchedwa adenocarcinoma, womwe umayambira m'makoma a timachubu tija. Helicobacter ali ndi mbali pa khansa imeneyinso, ndipo n'chifukwa chake mu 1994 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO idamuika m'gulu la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa. Kupha kachilomboka msanga kumachepetsa chiopsezo, koma adenocarcinoma ikayamba, maantibayotiki saichiza. Ndiye munthu yemwe wauzidwa kuti ali ndi khansa ya m'chifu asathamangire kukagula amoxicillin kusitolo poganiza kuti wapeza njira yachidule.

Chizolowezi chogula mankhwala a maalasazi m'magolosale ndi m'mafamase n'chimodzi mwa zinthu zomwe zimachedwetsa anthu. Omeprazole amaziziritsa ululu wa kutupa wamba, wa chilonda, ngakhalenso wa khansa, kotero munthu akhoza kumamwa kwa zaka akuganiza kuti akuchira. Zizindikiro zina sizofunika kudikira nazo: kusanza magazi kapena zinthu zakuda ngati khofi, chimbudzi chakuda ngati phula la pamsewu, kuonda popanda chifukwa, kuchepa magazi, kusanza kosalekeza, kuvutika kumeza, kapena kupweteka kwa m'mimba komwe kwayamba kumene mwa munthu wachikulire.

Mankhwalawa amasokonezanso kuyeza. Omeprazole amachepetsa tizilombo m'chifu osatimaliza, moti zotsatira zikhoza kunena kuti mulibe pomwe tilimo, ndipo dokotala woona galasi lodzaza ndi maselo okayikitsa amasowa chomwe chawaitana. Wopita kukayezedwa afotokoze mankhwala onse omwe wakhala akumwa, ogula yekha ndi azitsamba omwe. Kawirikawiri amauzidwa kuti asiye omeprazole kwa masabata awiri, ndi maantibayotiki kwa masabata anayi, tsiku loyezedwa lisanafike.